Mayi amene anabwerera pakhomo katatu: lipoti la wodwala woopa dokotala wa mano watsopano

Lipoti ili ndi la mayi wa zaka 41, mphunzitsi wa pulayimale, amene ndinawathandiza kwa miyezi inayi mu 2024 m'chipinda chathu cha mano pa chipatala cha boma. Anavomera kuti nkhani yawo ilembedwe, bola dzina, sukulu ndi kwawo zisatchulidwe. Ine ndine dental therapist, ndinaphunzira ku Malawi College of Health Sciences ku Lilongwe, ndipo ntchito yanga yambiri tsiku lililonse ndi kuzula mano.

Mayiwa ndinayamba kuwaona ndisanawadziwe. Lachiwiri lina m'mawa anali pa benchi panja, atagwira tsaya ndi kansalu. Wothandizira wathu atatolera mabuku a kuchipatala, iwo lawo sanapereke, ndipo pofika 10 koloko anali atapita. Sabata yotsatira zinachitika chimodzimodzi. Ulendo wachitatu bukulo anapereka, koma dzina litaitanidwa panalibe wovomera. Linagona m'kabati mwathu masiku asanu ndi limodzi, ndipo ndi lomwe linawabweretsanso. Anabwera ndi mlamu wawo kuti mlamuyo alowe kudzalitenga, iwo atsale panja.

Masiku amenewo bukulo ndinali nditaliwerenga, ndipo linandizunguza mutu. Kuyambira 2017 mpaka 2022 munali zolemba za chipatala china cha mishoni m'boma lakutali, zonse za dzanja limodzi: mano awiri anamatidwa, mano anatsukidwa katatu, masiku obwereranso onse anawasunga. Munthu woopa mano nthawi zambiri buku lake limakhala loyera kumbali yathu. Ili linali la munthu wosamala. Nanga chinali kuwabweza pakhomo pathu n'chiyani?

Ndinatuluka nalo ndekha. Ndinati, "Amayi, buku lanu ili. Sindikukuitanirani pa mpando ayi. Ndingofuna kumva chimene chimakubwezani." Anandiyang'ana nthawi, kenako anati, "Adokotala, inuyo sindikukudziwani."

Mbiri yawo

Tinakhala mu kaofesi kosungiramo katundu, pa mipando wamba, kutali ndi mpando wa mano ndi fungo la spirit. Mlamu wawo anakhala nafe.

Mu 2006, ali ndi zaka 23, anapita pa chipatala china ndi dzino lotafunira la m'munsi kumanja, tsaya litatupa. Anabayidwa jakisoni mmodzi, ndipo wozulayo anayamba nthawi yomweyo. Iwo anati, "Ndikumva." Anayankhidwa kuti akumva kukankha chabe, alimbe mtima, nanga mwana anabereka bwanji. Munthu wina anawagwira mutu. Dzino linathyoka, mizu inachita kukumbidwa. Akuti mpaka lero amakumbukira phokoso la kuthyoka kuja ndi kabeseni koyera komwe analavuliramo. Mawu amene ananena pomaliza ndinawalemba monga anawanenera, chifukwa chithandizo chonse chinatsamira pamenepo: "Ululu ndinauiwala, wa pobereka unaposa. Chimene sindiiwala n'choti ndinanena kuti ndikumva, iwo n'kunena kuti sindikumva."

Kwa zaka 11 sanatsegulirenso pakamwa munthu wa chipatala. Mu 2017 mnzawo wa kutchalitchi anawaperekeza kwa bambo wina wachikulire wa mano pa chipatala cha mishoni chija. Nditafunsa chimene bamboyo ankachita, yankho linali lalifupi: "Ankandifunsa kaye ngati ndakonzeka. Ndikati dikirani, ankadikira." Basi. Panalibe mankhwala apadera kapena makina odabwitsa. Koma mu Januwale 2023 mayiwa anasamutsidwa kudzaphunzitsa m'boma lathu, ndipo chikhulupiriro chonse chinatsala kumeneko pamodzi ndi bamboyo. M'buku munalibe chilembo ngakhale chimodzi chosonyeza kuti wodwalayu amaopa, kapena chimene chimawathandiza. Sindikumudzudzula mkuluyo, chifukwa inenso ndinali ndisanalembepo zotere m'buku la munthu. Timalemba nambala ya dzino ndi mankhwala, zinazo timasunga m'mutu, ndiye wodwala akasamuka zimatsala m'mutu mwathu momwemo.

Mu Novembala 2023 chomata cha dzino lotafunira la m'munsi kumanzere chinagwa. Anaganiza zodikira tchuthi kuti akwere basi kubwerera kwa bambo aja, koma atafunsa anamva kuti anapuma pa ntchito n'kupita kumudzi. Kuyambira pamenepo anadzithandiza okha. Panado ankamwa mpaka mapiritsi 12 pa tsiku, pamene munthu wamkulu sayenera kupyola 8 a 500 mg, chifukwa kupitirira apo chiwindi chimawonongeka mwakachetechete. Aspirin ankamuika pa nkhama pafupi ndi dzino. Makapusozi a amoxicillin anagula katatu pa shopu, kumwa masiku awiri kapena atatu, ululu ukachepa n'kusiya. Anafukizanso mankhwala a zitsamba oti atulutse nyongolotsi ya m'dzino. Ichi anachinena akuyang'ana pansi. Anati, "Mphunzitsi wathunthu, wophunzitsa ana kutsuka mano." Ankaphunzitsa dzanja lili pakamwa, poopa kuti ana a kutsogolo amva fungo.

Zimene ndinapeza

Tsiku limenelo BP inali 162/98, mtima ukugunda ka 108 pa mphindi. Titacheza mphindi 20 inatsika kufika 138/86, ndipo tsiku lina ku OPD, kopanda nkhani ya mano, inapezeka 128/82. Alibe shuga, mphumu kapena zilonda za m'mimba, sanali oyembekezera, ndipo palibe mankhwala amene amawawenga.

Anavomera kuti ndione m'kamwa, koma atakhala tsonga, mpando osaugoneka, ine nditagwira kagalasi kokha. Ndinawapatsa galasi la m'manja kuti azionera limodzi. Dzino lotafunira la m'munsi kumanzere lija, limene pa nambala zathu za mano ndi 36, linali ndi bowo lalikulu, khoma la kumbali ya lilime litathyokera mpaka pansi pa nkhama. Ululu unkabwera wokha usiku, unkakhalitsa akamwa tiyi, ndipo dzino linkapweteka ndikaligogoda pang'ono ndi chogwirira cha kagalasi. Pa nkhama panali chigamba choyera, kupsa kwa aspirin uja. Dzino 25, la m'mwamba kumanzere, linali ndi bowo losazama, losapweteka. Kumbuyo kwa mano a kutsogolo a m'munsi kunali miyala ya m'mano, nkhama zikutuluka magazi pang'ono. Panalibe kutupa kwa tsaya kapena kunsi kwa nsagwada, thupi silinatenthe, pakamwa pankatseguka bwino. X-ray ya mano tinalibe panthawiyo, choncho ndinadalira maso ndi mbiri: mtsempha wa dzino 36 unali utatupa mosachiritsika, matenda atayamba kufika kunsonga kwa mizu.

Mantha nawonso ndinawayeza. Pali mafunso asanu otchedwa Modified Dental Anxiety Scale, amene Gerry Humphris ndi anzake anafalitsa mu 1995 pokonzanso mafunso a Norman Corah a mu 1969. Amafunsa mmene munthu angamvere atati mawa akupita kwa dokotala wa mano, atakhala podikirira, dzino likubowoledwa ndi makina, mano akupalidwa, ndi pobayidwa jakisoni wa dzanzi. Funso lililonse lili ndi mapointi 1 mpaka 5, onse pamodzi kuyambira 5 kufika 25, ndipo 19 kupita m'mwamba ndi mantha aakulu. Ndinawafunsa m'Chichewa chomasulira ndekha, choncho nambalayi ndimaitenga ngati chongondilozera njira. Anapeza 22. Ndinawonjezera funso langa: akanakhala bambo aja? Anaganiza pang'ono, n'kuyankha mafunso onse kachiwiri. Inatuluka 11. Kusiyana kumeneku kunandiuza kuti sindikulimbana ndi kuopa jakisoni kapena magazi. Ankaopa kugona chagada, pakamwa pali pululu, m'manja mwa munthu amene sakudziwa ngati adzawamvera.

Ulf Berggren wa ku Gothenburg ku Sweden anafotokoza mu 1984 mmene mantha amenewa amazungulirira: munthu amaopa, amazemba chipatala, mano amawonongeka, manyazi amabwera, ndipo manyaziwo amakulitsa mantha. Akamadzafika kwa ife dzino limakhala litatupa kale, ndipo dzino lotupa ndi lomwe limavuta kuchita dzanzi. Malo otupa amakhala ndi asidi wambiri, amene amachepetsa mphamvu ya lignocaine, mankhwala a dzanzi amene timabaya, kulowa mu mtsempha, komanso mitsempha yotupayo imadzidzimuka msanga. Ndiye woopa kwambiri uja ndi amene amakumana ndi jakisoni wosagwira. Izi ndinawafotokozera, ndipo ndinawauza mosazungulira kuti mu 2006 muja n'zotheka ndithu kuti ankamvadi. Analira. Mlamu wawo anati, "Zaka zonsezi ife timangoti mantha a mlamu."

Pangano lathu

Tinagwirizana kuti akakweza dzanja lamanzere, ine ndiima ndipo chilichonse chimene chili m'kamwa chituluka, ngakhale popanda chifukwa. Sindichita kanthu ndisanawauze ndi kuwaonetsa. Njira youza, kuonetsa kenako kuchita anaifotokoza Addelston mu 1959 poganizira ana, koma kwa akulu imagwira chimodzimodzi ukapanda kuwalankhula ngati ana. Iwo anapempha kuti pasakhale womagwira mutu kapena manja, ngakhale mowasisita, ndi kuti mlamu akhale kumapazi kumene angamuone. Ndinawaphunzitsa kupuma: kukoka mpweya ndi mphuno kuwerenga mpaka folo, kutulutsa pang'onopang'ono mpaka sikisi, mapewa atagwa. Ndinawauzanso kuti azibwera atadya, chifukwa ambiri amene amakomoka pa mpando wathu amakhala atachoka kunyumba mbandakucha ndi m'mimba mopanda kanthu.

Za dzino 36 ndinawauza njira zonse ziwiri. Kuchotsa mtsempha n'kumata mizu kukanafuna kuwatumiza ku chipatala chachikulu kapena cholipira, maulendo angapo, kwa munthu winanso wachilendo, ndipo ndi mmene khoma linathyokera ndinkakayika ngati dzinolo likanakhalitsa. Anasankha kuzula.

Funso linali loti tiyambire pati. Dzino lopweteka limafuna changu, koma munthu wamantha amafuna kuyamba ndi chopepuka. Popeza panalibe kutupa kapena kutentha thupi, ndinaona kuti masiku ochepa tikhoza kudikira. Ndinawauza onse awiri, makamaka mlamuyo, zizindikiro zosadikira nazo: kutupa kunsi kwa nsagwada kapena kolowera ku diso, kulephera kutsegula pakamwa, kuvutika kumeza kapena kupuma, kutentha thupi. Zimenezi zikaoneka, ngakhale pakati pa usiku, abwere ku chipatala, chifukwa mafinya a dzino la m'munsi akatsikira kukhosi amatseka njira ya mpweya ndipo amapha. Ndinawaletsa aspirin wa pa nkhama ndi makapusozi a pa shopu. Ndinawalembera paracetamol 1 g maola asanu ndi limodzi aliwonse ndi ibuprofen 400 mg katatu pa tsiku atadya.

Patatha masiku awiri tinamata dzino 25 mwa njira ya ART, imene Jo Frencken anayambitsa ku Tanzania pakati pa zaka za m'ma 1980 poganizira malo opanda magetsi. Umachotsa zowola ndi kasupuni kakang'ono ka m'manja, n'kumata ndi chomata chotchedwa glass ionomer, popanda makina obowolera ndipo kawirikawiri popanda jakisoni. Inapangidwa chifukwa cha kusowa, koma kwa wodwala wamantha ndi chida chabwino kwambiri chimene ndili nacho. Kasupuniko ndinayamba ndakakanda pa chikhadabo chawo kuti amve mmene kamamvekera. Anakweza dzanja kawiri, ndinaima kawiri. M'bowo la 36 ndinaikamo chomata chongoyembekezera cha zinc oxide ndi eugenol, chija chonunkhira clove. Potuluka anati, "Ndiye mwatha?" Tinapangana kuzula Lolemba.

Pamene ndinalakwa

Lolemba limenelo magetsi anali atazima m'mawa, zida zowiritsa zinachedwa, ndipo panja panali anthu oposa 40. Mayiwa anadikira pa benchi maola atatu akumva ana akulira m'kati. Atalowa, ine mtima unali pa mzere wa panja. Ndinayamba jakisoni wa kumbuyo kwa nsagwada. Mankhwala atatsala pang'ono m'kabotolo, dzanja lawo linakwera. Ndinaliona. Ndinati, "Ndatsala pang'ono amayi," n'kumaliza. Sizinapose masekondi asanu.

Nditatulutsa singano anadzuka, anachotsa kansalu ka pachifuwa n'kukapinda bwinobwino, anatenga chikwama chawo, n'kutuluka osanena kanthu, mlomo ukuyamba dzanzi. Anakhala masabata atatu osabwera.

Mawu akuti "ndatsala pang'ono" ndimawanena mwina kakhumi pa tsiku, ndipo kwa ine ndi mawu otonthoza. Kwa iwo anali mawu omwe aja a mu 2006: mwanena, koma ine ndikudziwa kuposa inu. Ndinathyola pangano lathu, pofuna kupulumutsa masekondi asanu, ndipo amene analipira ndi iwo, ndi masabata atatu a ululu. Mnzanga wa ntchito anandiuza kuti ndisadzimvere chisoni, popeza kutulutsa singano pakati n'kubayanso kumapweteka kuposa kumaliza. Pa nkhani ya singano akunena zoona. Koma tinali titapangana, ndipo pangano silinati ndidzaima pokhapokha ine ndikaona kuti n'koyenera.

Ndinaimbira mlamu wawo, amene anasiya nambala, n'kupempha kulankhula nawo. Zifukwa za magetsi ndi mzere sindinazitchule. Ndinati, "Amayi, ndinalonjeza kuti ndidzaima, sindinaime. Ndinalakwa, pepani. Mukafuna kuthandizidwa ndi mnzanga ndikonza, mukafuna kupita kwina ndikulemberani kalata. Koma dzinolo lisakhalitse." Anakhala chete nthawi yaitali, kenako anati aganiza. Pambuyo pake anandiuza kuti chinawabweza n'chakuti sanamvepo munthu wa chipatala akupepesa.

Kubwereranso

Atabwera, dzino linali litasintha. Kutentha ndi kuzizira silinkamvanso, mtsempha unali utafa, ndipo pa nkhama panali katuza kotuluka mafinya pang'ono. Tsaya linali losatupa, thupi losatentha. Maantibayotiki sindinapereke, chifukwa mafinya anali ndi potulukira ndipo mankhwala enieni anali kuchotsa dzinolo.

Tsiku limenelo sitinazule. Tinangoyeserera, mphindi 10 zokha, madzulo anthu atatha. Ndinagoneka mpando pang'onopang'ono, ndinaika thonje pa nkhama, iwo n'kukweza dzanja nthawi imene afuna. Kenako sirinji yokhala ndi chivindikiro, kuigunditsa pamalo pobaya. Anakweza dzanja kasanu ndi kamodzi. Kangapo ndinkaona kuti palibe chimene chawapweteka, akungondiyesa, ndipo anali ndi ufulu wondiyesa. Ulendo uliwonse manja anga ankatuluka n'kukhala pa maondo mpaka iwo anene kuti tiyeni.

Kuzula tinakuika pa 7:30 m'mawa, iwo oyamba, mzere usanayambe. Anabwera atamwa phala ndi ibuprofen ola limodzi m'mbuyo. BP inali 146/90. Zida ndinaziika kumbuyo kwa mpando zitaphimbidwa, koma ndinawauza kuti akafuna kuziona anena. Ndinaumitsa nkhama n'kupaka mankhwala a dzanzi opaka, kudikira mphindi ziwiri. Mawu akuti "sizipweteka" sindinawanene. Ndinati amva kutsina, kenako kudzaza ngati malo akufufuma, komanso mtima ukhoza kuthamanga kwa mphindi zochepa chifukwa lignocaine 2% wathu ali ndi adrenaline, ndipo zimenezo si chizindikiro choti akufa. Odwala amantha ambiri akamva mtima ukugunda chonchi amaganiza kuti mankhwala awawenga, mantha n'kuwirikiza.

Ndinabaya pang'onopang'ono, kabotolo kamodzi kupitirira mphindi yathunthu, chifukwa chimene chimapweteka kwambiri ndi liwiro la mankhwala polowa m'mnofu kuposa singano. Pakati dzanja linakwera. Ndinatulutsa. Anapuma kanayi, n'kunena kuti, "Pitirizani adokotala." Ndinasintha singano, ndinabayanso, kenako wina wa kumbali ya tsaya. Tinadikira mphindi zisanu zoyang'ana pa wotchi, tikucheza za ana awo a Sitandade 4. Mlomo ndi theka la lilime zinachita dzanzi.

Apa ndi pamene ambiri a ife timalakwira. Mlomo kuchita dzanzi sikutanthauza kuti dzino nalonso lagona. Ndinawauza kuti ndiyesa kuzungulira dzino ndi kachitsulo kosongoka, ndipo andiuze ngati akumva kukankha kapena kubaya. Kuti asiyanitse, ndinawakanikiza paphewa ndi chala, n'kunena kuti uku ndi kukankha, ndipo sikuchoka ndi jakisoni. Mbali zitatu anamva kukankha. Kumbuyo kwa dzino anati, "Apo ndikumva." Anandiyang'ana m'maso ponena zimenezi, thupi lonse litauma. Ndinati, "Chabwino, ndiye kuti sipanagwire. Tiwonjezera." Ndinabaya pang'ono m'mphepete mwa muzu, pakati pa dzino ndi fupa, tinadikiranso, ndinayesanso. Panalibe. Ndinaona mapewa awo akutsika, ndipo ndikukhulupirira kuti chithandizo chenicheni chinachitika pa mphindi imeneyo, dzino lisanagwedezeke.

Ndinawachenjeza za phokoso, kuti amva kukhukhuluza m'khutu chifukwa fupa limanyamula mawu, ndipo mutu wa dzino wowola chonchi ukhoza kuthyoka popanda vuto lililonse, mizu tidzaitulutsa payokha. Nsagwada ndinaigwira ndi dzanja langa lamanzere nditapempha kaye. Dzino linatuluka lathunthu ndi mizu yake iwiri pa mphindi zisanu ndi imodzi. Ulendo wonse unatenga mphindi 55.

Anapempha kuliona. Kunsonga kwa muzu umodzi kunali kanyama kofiira, ndipo mlamu wawo anafunsa ngati nyongolotsi ija ndi imeneyo. Ndinafotokoza kuti ndi kathumba kamene thupi limapanga potchinga mafinya, ndipo chimene chimabowola dzino ndi asidi wopangidwa ndi tizilombo tosaoneka ndi maso tikadya shuga wotsalira pa mano. Mayiwa amamwa tiyi wa masupuni atatu a shuga kanayi pa tsiku, pa buleki ndi pochonga mabuku. Tinakambirana zochepetsa maulendo a tiyiyo, ndi kutsuka kawiri pa tsiku ndi mankhwala a fluoride, kulavula osachukucha.

Anapita ataluma thonje kwa mphindi 30, ndi malangizo oti asachukuche tsiku limenelo, ayambe madzi ofunda a mchere mawa lake, ndipo apitirize paracetamol ndi ibuprofen masiku atatu. Pa tsiku lachisanu ndi chiwiri bala linali likupola bwino, chigamba cha aspirin chitatha.

Nkhani ya nthawi

Pa mphindi 55 ndikanazula anthu anayi kapena asanu, ndipo ena mwa iwo anayenda mtunda wautali kuposa mphunzitsiyu. Mnzanga anandifunsa ngati n'chilungamo, ndipo funsolo sindilipeputsa. Anthu a mano m'dziko muno ndife ochepa. Maphunziro a udokotala wa mano anayamba mu 2019 ku College of Medicine, yomwe tsopano ili mu Kamuzu University of Health Sciences, mothandizana ndi University of Glasgow kudzera mu MalDent Project. M'mbuyomo wofuna udokotala umenewu ankaphunzira kunja. Ndondomeko ya dziko ya umoyo wa m'kamwa inakhazikitsidwa mu 2022. Izi n'zolimbikitsa, koma mzere wa Lolemba pa chipatala cha boma sunafupike.

Komabe ndikawerengera, zimene zinadya nthawi yambiri pa mayiwa zinali zokonza zimene zinawonongeka, mu 2006 ndi dzanja la wina, mu 2024 ndi langa. Kuima dzanja likakwera kumatenga masekondi. Kuyesa dzanzi usanagwire chozulira sikufika mphindi. Mphindi zisanu zodikira mankhwala, kwa odwala ambiri, umabaya wina uyu akudikira pa benchi. Wozula wa mu 2006 uja mwina anapulumutsa mphindi zisanu, ndipo zinabala zaka 11 zozemba, maulendo atatu obwerera pakhomo, ndi makapusozi omwedwa mosamaliza, amene amangophunzitsa tizilombo kupirira mankhwala. Diazepam wa kumwa, mankhwala okhazika mtima pansi, ndinamuganizirapo, ndipo kwa ena amathandiza akakhala ndi wowaperekeza, koma munthu amene vuto lake ndi kusowa mphamvu pa zomuchitikira sindinafune kumufooketsanso. Iwonso anakana.

Kuwapereka kwa wina

Chinatsala chinali kupala miyala ya m'mano. Ndikanatha kuchita ndekha, ndipo iwo ankayembekezera zimenezo. Koma ndinaona kuti ndikusanduka bambo wa ku mishoni uja: munthu mmodzi yekha wodalirika, amene tsiku lina adzasamutsidwa. Ndinawafotokozera maganizo amenewa n'kupempha kuti ntchitoyi agwire mnzanga, ine ndili pafupi. Sanakondwere. Anati, "Mwatopa nane?" Ndinati ayi, koma boma likhoza kusamutsa inu kapena ine chaka chamawa, ndipo sindikufuna mudzayambenso aspirin wa pa nkhama.

Tinalemba limodzi m'buku lawo, pa tsamba loyamba la m'kati, m'Chichewa kuti iwo aziwerenga okha:

"Wodwalayu anazulidwapo dzino dzanzi lisanagwire. Akakweza dzanja lamanzere imani, tulutsani zonse m'kamwa. Muwauze musanachite. Osawagwira mutu. Yesani dzanzi musanayambe. Ngati n'kotheka akhale oyamba m'mawa. BP imakwera ndi mantha, yezaninso pakatha mphindi 20."

Pansi pake anawonjezera ndi cholembera chawo chofiira chochongera mabuku: "Ndikati ndikumva ndiye kuti ndikumva." Tinayeserera mmene angaperekere bukulo kwa munthu wachilendo asanakhale pa mpando, ndi kupempha kuti ulendo woyamba ukhale wongoona ngati dzino silikuwawa. Ndinawauza kuti wa mano amene angawerenge tsambalo n'kuseka, ali ndi ufulu womusiya n'kufuna wina, pokhapokha ngati pali kutupa koopsa kuja.

Mnzanga yemwe uja wofunsa za chilungamo ndi amene anawapala mano, ndi zida za m'manja. Ine ndinaima pakhomo mphindi zoyamba, kenako ndinatuluka atandilola. Anakweza dzanja kamodzi. Mnzangayo anaima, ndipo anandiuza pambuyo pake kuti manja ake anafuna kumaliza dzino limene anali nalo, anachita kudzigwira.

Pa ulendo womaliza, mwezi wachinayi, mafunso asanu aja anapeza 14, poganizira wa mano amene sanamuonepo. Jakisoni yekha anamupatsabe 4. BP inali 134/84 asanakhale pa mpando. Chomata cha 25 chili bwino, nkhama zasiya kutuluka magazi. Mano oikirira a m'malo awiri opanda mano anakana pakali pano, akuti amatafuna bwinobwino. Dzino 47, lotafunira la m'munsi kumanja, lili ndi kadontho kakuda pamwamba kamene sikanabowoke, ndipo tidzakaonanso pakatha miyezi isanu ndi umodzi. Tsiku analisankha okha, Lachiwiri la pa tchuthi, 7:30, ndipo anafunsa ngati mlamu angabwerenso. Ndinati abwere.